Mwera Ukaomba M'dzinja, Wa M'tauni Asafulumire Kuseka

Mwezi wa Okutobala ukafika pakati, mzinda wa Lusaka umakhala ngati phale loiwalika pamoto. Dzuwa likangoti lakwera pang'ono, phula la mu Cairo Road limayamba kufuka cifundizi, ndipo pofika masana amai ogulitsa ndiwo zamasamba pa msika wa Soweto amakhala ali kalikiliki kuwaza madzi pa lepu ndi mpiru kuti zisafote ogula asanabwere. Kunena zoona kutentha kwa mu Lusaka nkwa masewera. Mzindawu uli pamtunda, mamita pafupi-fupi 1,280 pamwamba pa nyanja yamcere, ndipo masana a mwezi umenewu kutentha kumangopitirira pang'ono madigiri 30, pamene anthu a m'cigwa ca Luangwa amaona madigiri 40 osadandaulira munthu. Koma wa m'tauni sadziwa kupirira dzuwa, ndipo madandaulo ake ndiwo amamveka msanga, popeza nyumba za wailesi ndi za nyuzi zili pakhomo pake.

M'mzinda momwemo dzuwa siliwamba onse mofanana. Ku Kabulonga ndi ku Woodlands mitengo ikulu-ikulu ya jakaranda imaphimba miseu, ndipo kapinga wa m'mipanda amakhala wobiriwira ndi madzi a m'zitsime zokumba ndi makina. Ku Kabwata, kumene nyumba zili zothithikana, makoma amasunga moto wa masana mpaka pakati pa usiku, kotero kuti timanyumba tozungulira taudzu tija tinatsala pa mudzi wa zosema-sema mu Burma Road, timene ena amatiyesa tacikale, ndito timaposa nyumba zambiri zamalata pa kuzizira. Ku Chelstone, pa mseu waukulu wopita ku Cigawo ca Kum'mawa, anthu amangoyang'ana kumwamba kupitirira thanki lao lalitali lija, kufuna-funa kamtambo.

Tsono tsiku lina masana mtambo umabweradi. Nthaka ikapsya ndi dzuwa imatenthetsa mpweya wa pamwamba pake. Mpweya wotentha ngwopepuka, motero umakwera, ndipo ukafika kutali kumene kuli kozizira, cinyezi cimene unanyamula cimaundana nkukhala cimtambo cija cooneka ngati culu, coyera kumutu, cakuda bii kunsi. Cimtambo cotere cikhoza kutalika makilomita oposa 10. Kenaka mphepo imayamba kukokolola mapepala ndi fumbi, mphezi ing'anima, bingu ligunda, ndipo madzi amakhuthuka ngati munthu wagubuduza mtsuko. Amene afuna kudziwa kutalika kwa ngozi awerenge masekondi kucokera pa kung'anima kufikira pa kugunda: masekondi 3 ali onse ndiye kilomita imodzi, ndipo ciwerengero cikamacepa, mbusa wa ng'ombe acoke pansi pa mtengo woima wokha. Koma mvula yotere ndi mlendo wosakhala pansi. Patapita theka la ola kapena ola limodzi yatha, ndipo dera limene yanyowetsa ndi laling'ono: ku Chelstone ngalande zisefukira pamene ku Kabwata mai akuanula zobvala zouma gwaa, osaona ndi dontho lomwe.

Makolo anaipatsa dzina mvula imeneyi. Anati ndi cizimalupsya, mvula yozimitsa moto wa m'chire ndi kutsuka phulusa la lupsya, ndipo palibe nkhalamba imene inatsitsa mbeu kucokera kutsindwi cifukwa ca iyo. Masiku ano cinthu cacilendo calowa pakati, ndico lamya ya m'manja. Mwana amene ali pa nchito ku Lusaka akangobvumbwa pa Kulima Tower amaimbira makolo ake ku Petauke kapena ku Katete nkuwauza kuti dzinja lafika, asacedwe; mwinanso atumiza ndi ndalama ya mbeu pa lamya pomwepo. Mtima wake ngwabwino, koma uphungu wake ngwa munthu amene waona mtambo umodzi pa mtunda wa makilomita 400 kapena 500 kucokera kumunda. Mbeu yogwera m'nthaka imene yanyowa pamwamba pokha imatupa, imatulutsa kamuzu, kenaka dzuwa la masiku khumi limaiphika m'phando momwemo. Mbeu ya m'sitolo si ya kutola, ndipo mlimi wobzala kawiri wagula kawiri.

Mvula yeni-yeni ili ndi kwao. Caka ndi caka, dzuwa likamayenda kulinga kum'mwera, limakoka pambuyo pake lamba wamkulu wa mitambo, pamene mphepo zocokera mbali ziwiri zimakomana. Mpweya wacinyontho wocokera ku nkhalango za Congo ndi ku nyanja ya Atlantic umalowa ndi mphepo ya mpoto, nukomana ndi mphepo yocokera ku nyanja ya Indian, ndipo pokomana pao mpomwe pamagwa mvula ya masiku, ya mvumbi, yolowa pansi. Lamba ameneyu amayamba kunyowetsa zigawo za kumpoto, ndipo ku Lusaka ndi ku Cigawo ca Kum'mawa amakhazikika kuyambira pakati pa Novembala kumka m'tsogolo. Pa mamilimita pafupi-fupi 800 amene Lusaka amalandira pa caka, gawo lalikulu limagwa m'miyezi itatu yokha, Disembala, Januwale ndi Febuluwale. Nkhalamba imene imanyowetsa cala nkucikweza m'mwamba kuti imve kumene mphepo ikucokera imafunsa funso lomwelo limene a zanyengo amafunsa ndi makina ao.

Koma mpoto ali ndi mnzake wolimbana naye, ndiye mwera. Kutali kum'mwera, kupitirira Cape Town, mpweya wozizira wa panyanja umayenda kucokera kumadzulo kupita kum'mawa, ndipo m'mphepete mwake, pamene umagundana ndi mpweya wofunda, ndi pamene a zanyengo amati cold front. Wozizira uja, pokhala wolemera, umalowa kunsi kwa wofunda nkuutukula. Ndico cifukwa cake patsogolo pake pamakhala mabingu ndi mvula yamkuntho, koma pambuyo pake kumazizira nkuuma. Mzere weni-weniwo sufika kawiri-kawiri m'Zambia. Cimene cimafika ndi mpweya wolemera wotsatira m'mbuyo mwake, umene umazungulira gombe la South Africa kudzera ku Durban, nulowa kumtunda kupyolera mu Mozambique ndi m'zigwa za Limpopo ndi Zambezi. A ku Malawi, kumene umafika ndi nkhungu ndi mvula yowaza, amaucha ciperoni. A ku Zimbabwe amati guti. Pofika ku Lusaka umakhala utataya madzi ake ambiri m'njira. Kumaca kuli mitambo yotuwa yothamanga m'munsi, kamphepo kozizira kakuomba kucokera kum'mwera cakum'mawa, ndipo masana kumwamba kumayera mbee. Lamba wa mvula uja wakankhidwira kumpoto.

Mu Juni ndi Julai mwera ulibe mlandu. Cimanga cili m'nkhokwe, ndipo munthu amangofuna bulangete ndi nkhuni. Mu Januwale ndi nkhani yina. Ukaomba masiku atatu kapena anai, mlimi amathokoza, pakuti wapeza danga lopalira ndipo udzu wozulidwa umauma. Koma nthawi zina pambuyo pa mwera mpweya wouma umakhazikika m'mwamba ca ku Botswana ndi maiko oyandikana nao, nutsikira pansi pang'ono-pang'ono ngati cibvundikiro pa mphika, kotero kuti ngakhale nthaka itenthe cotani mitambo singathe kukwera. Pamenepo masiku atatu amasanduka milungu itatu, ndipo dzina lake si mwera ai, ndi ng'amba.

Apa mpamene wa m'tauni ndi wa kumudzi amasiyana mapemphero. Kumwamba kukayera pakati pa dzinja, m'Lusaka anthu amapuma. Ndipo asanatsutsidwe, zifukwa zao zimveke, pakuti si zopanda pake. Mbali yaikulu ya mzindawu inamangidwa pa thanthwe la miyala ya laimu, pamalo a see opanda mtsinje waukulu wocotsa madzi. Mvula ikacuruka madzi a pansi amakwera mpaka kutulukira pabwalo, ndipo ku Kanyama, ku Misisi ndi ku Chawama, kumene zimbudzi zokumba zili pafupi ndi zitsime zosaya, zonyansa ndi madzi akumwa zimakhala cinthu cimodzi. Acikulire sanaiwale cigumula ca ku Kanyama ca mu 1978, cimene cinagwetsa nyumba nkusiya mabanja ambiri-mbiri pamtetete. Ngalande yaikulu ya Bombay inakonzedwa ndi thandizo la dziko la America pakati pa 2013 ndi 2018, ndipo inathandiza, koma ngalande yodzala mabotolo ndi mapulasitiki siyendetsa madzi. M'kati mwa tauni mvula ya ola limodzi imakwanira kusandutsa Kulima Tower dziwe, anyamata a mawilibala nkuyamba kuolotsa anthu ndi malipiro. Walira mvula walira matope, anatero akale. Koma matope a m'Lusaka amabwera ndi maliro.

Dzinja la 2023 kulowa 2024 linaonetsa zonsezi poyera. Matenda a kolera anabuka mu Lusaka mu Okutobala 2023, ndipo mvula itagwa anafalikira ngati moto wa m'chire. Pofika Januwale 2024 bwalo la masewera la National Heroes linasanduka cipatala, masukulu amene anayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale anakhala otseka mpaka pa 12 Febuluwale, ndipo mliriwo usanathe unapha anthu oposa 700 m'dziko lonse. Munthu wa ku Kanyama amene analakalaka kuti kumwamba kuume masiku amenewo palibe angamudzudzule. Kumwamba kunaumadi. Kuyambira cakumapeto kwa Januwale mvula inadula m'zigawo za pakati, za kum'mwera, za kumadzulo ndi za kum'mawa, ndipo inakhala milungu yoposa isanu osabwerera, dzuwa likung'amba ngati la Okutobala. Imeneyo ndiyo nthawi imene cimanga cimamasula ngayaye ndi kutulutsa ndebvu, pamene cimamwa madzi koposa nthawi ina iri yonse. Cikaphonya pamenepo, ngakhale mvula ibwere ya mtundu wanji pambuyo pake, phesi limangoima lopanda mwana.

Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Maboma 84 mwa maboma 116 anakhudzidwa, ndipo pa mahekitala 2.2 miliyoni a cimanga amene anabzalidwa, pafupi-fupi 1 miliyoni anapserera. Dziko limene caka capambuyo linakolola matani oposa 3.2 miliyoni linangopeza matani 1.5 miliyoni. Anthu oposa 6 miliyoni anafunika thandizo la cakudya. Amene anaona cilala ca 1992, caka ca nsima yacikasu ya cimanga cocokera kunja, anagwedeza mitu nati zabweranso.

Nanga wa m'tauni uja anapulumuka? Iai. Ng'amba imayamba ndi mlimi koma simalizira pa iye. Mtengo wa thumba la unga unakwera m'masitolo a ku Kabwata monga m'magolosale a ku Chadiza. Magetsi ambiri a dziko lino, oposa magawo 80 pa 100, amacokera ku mphamvu ya madzi, ndipo nyanja ya Kariba itaphwa, pofika Seputembala 2024 makomo ambiri a m'Lusaka anali kuona magetsi maola atatu okha pa tsiku, ena osawaona konse. Ometa tsitsi, oocherera zitsulo ndi ogulitsa nyama m'mafiriji anakhala manja lende. Ngakhale ku Kabulonga ndi ku Woodlands makina okoka madzi m'zitsime anaima, ndipo mbaula ya makala inalowa m'makhichini mmene inali isanalowepo. Makalawo anacokera m'mitengo ya ku Chongwe, ku Rufunsa ndi ku Nyimba, kwa mlimi yemwe uja amene cimanga cake cinapsya. Masiku oyera kumwamba amene anakondweretsa mzinda mu Febuluwale analipiridwa ndi mzinda womwewo mu Seputembala.

Cifukwa cake pali mau ofunika kuwafikitsa kwa onse olengeza za nyengo, a pa wailesi, a pa kanema ndi a m'manyuzi. Cizolowezi cakuti tsiku la dzuwa ndilo tsiku labwino ncobwereka kwa anthu a maiko ozizira, kumene dzuwa ndi mlendo wosowa. Kuno, pakati pa Disembala ndi Malichi, tsiku la dzuwa likhoza kukhala labwino kapena loipa malinga ndi kuti ndi lacingati. Wolengeza amene amamwetulira ponena kuti mabingu atha, mphepo yozizira yalowa ndipo mlungu wonse kudzakhala kouma, akulankhula ndi munthu wa ukwati wa Loweruka ku Woodlands, osati ndi mai wa ku Sinda amene dzulo lomweli wathira feteleza wa ngongole. Uthenga ndi umodzi, koma kwa wina ndi cikondwerero, kwa wina ndi cenjezo, ndipo amene ali ndi zambiri zotaya ndiye ayenera kuyamba kuganiziridwa.

Nthambi ya Boma yoona za nyengo ili ndi malo opimira ku bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda, ku Mount Makulu, ku Chipata, ku Msekera, ku Petauke, ku Lundazi ndi kwina, ndipo imatulutsa cithunzi ca dzinja lonse mvula isanayambe, kudzanso malipoti a masiku khumi khumi onena za mvula ndi mbeu. Nzeru zilipo. Cimene cimabvuta ndi ulendo wa nzeruzo kucokera pa desiki la mu Lusaka kukafika pa mzere wa m'munda. Wailesi ya ZNBC imalankhula zinenero zisanu ndi ziwiri za m'dziko muno, ndipo ku Chipata kuli Breeze FM ndi Radio Maria. Koma kutembenuza mau a Cingelezi liu ndi liu sikukwanira. Kuuza mlimi kuti mvula idzakhala ya nthawi zonse kapena yocepera pa ya nthawi zonse kuli ngati kuuza wodwala kuti mwina acira mwina saacira. Cimene iye afuna kumva ndi ici: kodi mabingu a mlungu uno ndi cizimalupsya kapena ndi mvula yobzalira, kodi mwera umene walowawu ngwa masiku angati, kodi boma lake lili m'gulu la amene ayembekeze ng'amba mu Januwale. Cinyanja cili nao kale maina a zonsezi, ndipo wolengeza amene awagwiritsa nchito adzamvedwa ndi agogo omwe.

Ena adzati a zanyengo amanama, analonjeza mvula Laciwiri koma kunaca kuli ngwee. Nzoona, amaphonya, makamaka pa mvula ya mabingu, imene monga taonera ku Chelstone ndi ku Kabwata imasankha mudzi nkusiya mudzi. Palibe makina amene angaloze munda umene mtambo wa mawa udzakhuthulirepo. Koma zinthu zikulu-zikulu zimaoneka zikali kutali. Kufunda kwa madzi a nyanja ya Pacific kumene amakucha El Niño, kumene kawiri-kawiri kumacepetsa mvula kum'mwera kwa Africa, bungwe la zanyengo la dziko lonse lapansi linakulengeza mu Julai 2023, miyezi inai alimi asanagwire mbeu. Cenjezo linalipo. Amati cakudza siciimba ng'oma, koma cilala ca 2024 cinaimba, ndipo funso ndi lakuti ng'omayo inamveka m'midzi ingati, ndiponso kuti amene anaimva anapeza mbeu yocedwa pang'ono m'munda, kapena mapira ndi khobwe, m'masitolo a kwao.

Mlimi nayenso ali ndi mbali yake, pakuti kudikira si kukhala pansi. Kucedwa kubzala kumadya zokolola monga momwe kufulumira kumadyera mbeu, ndipo amene amayamba kugaula mvula itagwa kale wataya milungu imene sidzabwerera. Apa mpamene ulimi wa gamphani umaonetsa phindu lake: maenje amakumbidwa m'cilimwe, manyowa amathiridwa, mapesi amasiyidwa pamwamba osaochedwa, kotero kuti mvula yeni-yeni ikagwa nchito yotsala ndi kuponya mbeu cabe, ndipo ng'amba ikadza dzenje limasunga cinyontho masiku angapo kuposa nthaka yolimidwa ndi pulawo. Masiku angapo amenewo ndiwo amalekanitsa nkhokwe yodzala ndi yopanda kanthu. Kubzala munda wonse tsiku limodzi ndi mbeu ya mtundu umodzi ndiko kuika mazira onse pansi pa nkhuku imodzi. Cigawo cina cikhale ca mbeu yofulumira kuca, cina ca nshawa, cina ca cinangwa kapena kacamba wa kholowa, ndipo dimba lisagone. Dzinja lotsatira, la 2024 kulowa 2025, dziko linakolola matani oposa 3.6 miliyoni, ndipo pali ngozi yakuti nkhokwe zodzala ziiwalitse anthu zimene anaphunzira ndi njala.

Pali kanthu kena kosafuna ndalama kamene sukulu iri yonse ya kumudzi ingacite. Citini ca m'mbali moongoka, cosapindika kukamwa, cikaikidwa pa cisiki pabwalo, kutali ndi mtengo ndi denga, cimasanduka copimira mvula. M'mawa uli wonse mwana wa sukulu aviike lula m'madzi amene alowamo, alembe mamilimita m'kope, nkukhuthula. Milimita imodzi ndiye kuti lita imodzi ya madzi yagwera pa kamalo ka mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Alangizi a zaulimi ambiri amati mvula yobzalira ndi ya mamilimita 25 kapena 30 m'masiku awiri kapena atatu otsatizana, nyengo yobzala itakwana. Ndipo wopanda lula akumbe ndi khasu aone ngati cinyontho capitirira cikhatho. Kope limenelo, likamawerengedwa kwa mfumu ndi kwa mlangizi wa m'dera, lidzanena za minda ya mudzi umenewo zimene lamya yocokera ku Chelstone singanene. Ndipo mwera ukaomba cimanga cili m'maondo, thumba la feteleza wobereketsa likhale lomanga m'nyumba kufikira mphepo itatembenukiranso kumpoto.